Madam atupa nkhope, mimba miyezi 7, sikelo sanayambe. Ndiwakweze basi kapena?

Mjomba_Turf
Lachiwiri, 20:41

Abale ndi alongo moni nonse, ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo ndiye ndati mwina muno muli ena anadutsamo andigawireko nzeru. Madam anga ndi oyembekezera, mimba yoyamba, tikawerenga ikukwana miyezi 7. Sikelo sanayambe mpaka lero chifukwa pasipoti yawo madeti anatha kalekale ndiye amaopa kuti akangofika pa kiliniki akawafunsa mapepala, kuphatikiza nkhani timamva zija zoti malo ena pa geti pamaima anthu kumabweza obwera. Timangogula mapilisi oonjezera magazi ku famase basi, ndipo mpaka mwezi wathawu analibe vuto, amagwira ntchito zawo bwinobwino.

Kenako miyendo inayamba kutupa, azimayi a pa yadi pathu pano anati zimenezo ndi za mimba iliyonse aziyika miyendo pa pilo. Koma sabata ino nkhope nayo yatupa, akamadzuka m'mawa maso amachita kuchepa, mphete ikukana kuvuka pachala, mutu ukuwawa osasiya ngakhale amwe Panado. Dzulo akuti amaona tinthu tothwanima m'maso.

Apongozi ku Mangochi akuti ndiwatumize kumudzi akachirire komweko, akuti mimba yoyamba imafuna azimayi akulu pafupi komanso mankhwala achikuda alipo. Ine ndalama ya tikiti ndingathe kuyipeza Lachisanu ndikalandira. Funso langa, ndiwakweze basi weekend ino kapena tiyese chipatala konkuno? Nanga konkuno amalipiritsa zingati kwa ife obwera? Tikukhala ku Turffontein, kuno ku Joni.

Mai_a_Tada
Lachiwiri, 20:58

Achimwene siyani foni, valitsani alamu apite kuchipatala usiku uno. Osati mawa, osati Lachisanu. Zomwe mwalembazo, kutupa nkhope ndi manja, mutu osamva Panado, kuona nyenyezi m'maso, imeneyo ndi BP ya mimba ndipo ikafika poona zothwanimazo munthu atha kugwa n'kuyamba kuphupha nthawi ina iliyonse. Ine ndinadutsamo pa mwana wachiwiri, ndinkadzimva bwinobwino ndithu ndinaphika nsima ya masana ndekha, madzulo ake ndinapezeka ndili pa bedi diripi ili pamkono anesi akuthamangathamanga. Za basi iwalani kaye. Munthu wotupa chonchi mumukhazike pampando kuchokera pa Park Station, akaime maola pa Beitbridge, adutse Zimbabwe yense, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete kuja, mpaka Mwanza, pafupifupi masiku awiri miyendo ili lende? Akakomoka pakati pa Tete mukamuthandiza ndi chani?

Imbani 112 pafoni kapena 10177 ya ambulansi muwauze kuti ndi mayi woyembekezera mutu ukumuwawa ndipo sakuona bwino. Ikachedwa, ndipo usiku imachedwadi, itanani takisi ya Bolt kapena gogodani kwa neba wa galimoto. Inu muli ku Turffontein, South Rand Hospital ili pafupi nanu ku Rosettenville, akaona kuti zawakulira amatumiza okha ku chipatala chachikulu.

Che_Bwanali77
Lachiwiri, 21:10

Amwene ine ndikuuzeni zoona zake, zipatala za kuno kwa ife n'zowawa. Mkazi wa m'bale wanga anachirira pa chipatala china cha boma zaka zapitazo, asanamugoneke anawauza kuti alipire kaye, atatuluka anawapatsa bilu ya masauzande mpaka tinachita kusonkherana. Kuonjezera apo kulankhula kwake, ukangolephera Chizulu basi nkhope zasintha, mumangobwera kudzabereka kuno. Kwathu n'kwathu, ku Mangochi chipatala chilipo chaulere, amayi ake ali pompo, phala amuphikira, madzi amuthira. Kuno akachira adzamusamala ndani inu muli ku ntchito? Ine ndikanakhala inu ndikanamukweza basi.

Nachisale_Yeoville
Lachiwiri, 21:26

Che Bwanali zomwe mukunenazo zinkachitikadi sindikukana, koma musamuopseze mnzanu ndi nkhani yakale pomwe mkazi wake ali pangozi. Lamulo loti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma linayamba mu 1994 nthawi ya Mandela. Chigawo chathu chino cha Gauteng chinadzayamba kulipiritsa obwera pambuyo pake, ndiye bungwe la SECTION27 linapita nayo ku khoti, mu Epulo 2023 High Court ya konkuno ku Johannesburg inagamula kuti amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa komanso ana osakwana zaka 6 athandizidwe ulere, kaya ndi a dziko liti, kaya ali ndi mapepala kaya alibe, ku kiliniki ngakhale ku chipatala chachikulu. Khoti linalamulanso kuti zimenezi zimatidwe pakhoma m'zipatala anthu aziwerenga. Sizikutanthauza kuti kalaliki aliyense amatsatira, ena amayesabe dala, koma ukadziwa umalankhula molimba mtima, umapempha kuonana ndi sista wamkulu.

Achimwene tengani pasipoti yomweyo yothayo, chomwe akufuna ndi dzina ndi tsiku lobadwa kuti atsegule fayilo. Ngati muli ndi kapepala kosonyeza komwe mukukhala tengani, ngati mulibe musachedwe n'kufunafuna. Nesi si wa Home Affairs, ofesi ya boma yoona za mapepala ija. Ndipo matenda a mwadzidzidzi ngati awa malamulo a dziko lino salola kubweza munthu.

Za kunyozedwa, ee zilipo, nanenso ndinauzidwapo mawu oti ndikawakumbukira mtima umawawa. Ndinangoti zii, ndinatenga mwana wanga wamoyo n'kumapita.

SisterGee
Lachiwiri, 21:49

Ndikhulupirira mwanyamuka kale, izi muwerenga muli pa benchi. Ine unamwino ndinaphunzira kumudzi ndipo ndinagwirako ku mateneti, kuno ndimasamalira agogo ena ku Edenvale koma za mimba sindinaiwale.

Matenda amene tikuwaganizirawa kuchipatala mukawamva akuti pre-eclampsia. Amayamba mimba ikapitirira masabata 20, BP imakwera kufika 140/90 kapena kuposa, ndipo akayeza mkodzo amapezamo puloteni kusonyeza kuti impso zayamba kuvutika. Ikafika 160/110 ndiye kuti zafika poopsa. Gwero lake ndi nsengwa, sinamere bwino m'chiberekero, ndiye mitsempha ya mayi thupi lonse imafinyika, magazi opita kwa mwana amachepa, ubongo, chiwindi, impso zonse zimamva kuwawa. Amakonda kugwira mimba yoyamba, mimba ya mapasa, amene anali kale ndi BP kapena shuga, komanso ngati mayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo. Si kulodzedwa, sikuti wina wadya mchere wambiri, ndiponso si zija amanena kumudzi zoti mwamuna wayenda njira, ndikunena dala chifukwa ndikudziwa mafoni ayamba kulira kuchokera ku Mangochi.

Choipa chake matendawa sapweteka poyamba. Munthu BP ili 150 amangoyenda kumaseka, n'chifukwa chake sikelo amayeza BP ndi mkodzo ulendo uliwonse. Kuno kuyambira 2017 anaonjezera maulendo a sikelo kufika 8, ndipo ambiri ali kumapeto, masabata 30, 34, 36, 38 ndi 40, cholinga chake n'chomwechi kuti BP aigwire isanagwetse munthu. Alamuwa akanayamba sikelo bwenzi atawapatsa kale mapilisi a calcium, ena amene ali pachiopsezo amapatsidwanso aspirin wochepa mphamvu, koma zimenezo zapita tisataye nazo nthawi.

Mukafika musakhale pa mzere mwaulemu ngati mwabwera kudzatenga mapilisi. Pitani pa desiki munene zinthu zitatu, ndi woyembekezera miyezi 7, mutu ukuwawa, sakuona bwino. Ngati akumva kuwawa pansi pa nthiti chakumanja kapena pachifu, kusanza, mkodzo kuchepa, mwana kusiya kusewera, kutaya magazi, nenaninso. Zomwe akachite ndi izi, ayeza BP, mkodzo, atenga magazi, amvera mtima wa mwana. Akapeza kuti ndi yoopsa awabaya magnesium sulphate woteteza kuphupha, amatenthetsa thupi lonse ndipo jakisoni wake wa m'matako amawawa koma asakane. Awapatsa otsitsa BP monga nifedipine kapena methyldopa, awayika paipi ya mkodzo kuti aziyeza, komanso jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana chifukwa mwina angafunike kubadwa masiku asanakwane. Madokotala amayesetsa kukoka mpaka masabata 34 ngati mayi ndi mwana akupirira, zikakanika amamutulutsa, chifukwa matendawa kutha kwake ndi nsengwa kutuluka basi. Poti sanayambe sikelo awayezanso HIV, chindoko, kuchuluka kwa magazi ndi gulu lake, zonsezo n'zachizolowezi musadabwe nazo. Anesi akalipa kuti munali kuti miyezi yonseyi, akalipadi, ingopepesani zipitirire.

China, mankhwala achikuda anenedwawo. Mwanamphepo ndaona ndi maso anga zomwe amachita, mayi amabwera mimba ikuwawa mosalekeza njira isanatseguke, mwana watopa, ena chiberekero chimang'ambika. Kuno alinso ndi wawo amati isihlambezo amagulitsa m'mabotolo. Ngati alamu anamwapo chilichonse muwauze anesi mosabisa, sakumangani.

Mjomba_Turf
Lachitatu, 06:32

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Tinapita usiku womwewo, bambo wina wa ku Mozambique wa pa yadi pathu ndi amene anatinyamula. Pa geti panalibe aliyense, kalaliki anangoyang'ana pasipoti n'kulemba dzina, za ndalama sanatchule. BP anapeza 172/114, nesi atangoona anaitana anzake, andiuza kuti ndidikire panja. Cha m'ma 2 koloko anawatumiza pa ambulansi ku chipatala chachikulu, panopa ali mu wodi, sikani ikuti mimba ndi masabata 31 ndipo mwana ndi wochepa thupi koma mtima ukugunda bwino. Adokotala akuti sawatulutsa mpaka achire. Apongozi ndawaimbira, poyamba anakwiya koma nditawauza nambala ya BP ija anawerengera mlongo wawo wina amene amagwira pa chipatala, panopa akungoti tizipemphera.

Tsopano mutu wanga uli pa mwana. Akabadwa wosakwana masiku amakhala moyo? Ife tilibe kalikonse, ngakhale thewera limodzi sitinagule.

Mai_a_Tada
Lachitatu, 07:05

Ambuye alemekezeke. 172 imeneyo mukanakwera nayo basi bwenzi tikukamba zina muno.

Amakhala moyo achimwene, Tada wangayu anabadwa pa masabata 33 anali ndi 1.7 kg, kamutu kake kamakwana m'dzanja langa, zala zake zoonekera mkati, ndinkaopa ngakhale kumugwira. Lero ali giredi 2 ndipo ndi amene amasokosa nyumba yonse kkkk. Poyamba anali mu kabokosi kotenthetsa kaja ndi timachubu m'mphuno, mkaka ndinkachita kufinyira m'kapu maola atatu aliwonse usana ndi usiku anesi n'kumamupatsa kudzera pa chubu. Auzeni alamu asataye mtima akaona timadontho tachikasu tochepa masiku oyamba, timeneto ndiye tofunika kwambiri, m'mimba mwa khanda lotere simulowa zambiri. Atalimba anatipititsa ku kangaru, mwana amangovala thewera ndi chipewa umamuyika pakati pa mabere khungu kwa khungu n'kumanga nsalu, tsiku lonse, kugona umagona chokhala. Kumudzinso amachita, ku Zomba Central anayamba kalekale. Inunso abambo mumaloledwa kumufungatira pachifuwa mayi akamasamba, musachite manyazi.

Zogula musapanikizike, matewera ang'onoang'ono a ana obadwa masiku osakwana, tizipewa, masokosi, zitenje ziwiri zitatu, mapadi akuluakulu a mayi, sopo. Zovala zambiri n'zosafunika pano chifukwa sizimukwana. Ine ndili ndi tizipewa ndi bulangeti la Tada, ndilembereni ku inbox tikumane pa Park Station Loweruka.

SisterGee
Lachitatu, 13:20

Mwachita bwino bambo. Masabata 31 pa chipatala chachikulu mwayi ulipo waukulu, ndipo tsiku lililonse limene mwana akhale m'mimba ndi phindu, ndiye alamu asamakakamire kutuluka ngakhale atamva bwino. Zipatala monga Rahima Moosa ku Coronationville, Charlotte Maxeke ku Parktown ndi Bara ku Soweto zili ndi mawodi a makanda otere, zimadzaza kwambiri koma ntchitoyo amaidziwa.

Ndikuuzirenitu za kunyumba chifukwa ambiri timalakwitsa tikatuluka. Choyamba mayi. BP imeneyi siimatha tsiku lochira, itha kukweranso masiku oyamba aja ngakhale mpaka masabata 6, ena amaphupha ali kale kunyumba mwana ali m'manja. Mapilisi akawapatsa amwe mpaka anesi anene okha kuti basi, ndipo mutu ukayambanso, maso akachita chidima, kupuma kukavuta, kutaya magazi kwambiri kapena zonunkha, thupi kutentha, abwerere tsiku lomwelo. Mimba yotsatira sikelo adzayambe akangodumpha mwezi ndipo adzanene kuti anadwalapo BP.

Mwana. Kuno si kumudzi, zipinda zathu za kuseri zija June ndi July mumazizira koopsa ndipo khanda lochepa thupi limazizidwa msanga, mukaligwira mapazi ali zii libwezereni pachifuwa. Koma mbaula ya makala kapena hita ya palafini m'chipinda chotseka ayi, utsi wake umapha mwakachetechete. Alendo odzaona mwana achepe, wachimfine asalowe, aliyense asambe m'manja. Pa mchombo osapaka phulusa, mafuta kapena zitsamba, gwiritsani zomwe akupatsani kuchipatala basi. Madzi, tiyi, phala, gripe water, zonsezo ayi mpaka miyezi 6, bere lokha.

Chikasu muziyang'ana masana pafupi ndi windo, m'maso moyera muja, m'kamwa, ndipo mukadina pamphumi kapena pamphuno muone mtundu wake chifukwa pakhungu lathu sichioneka msanga. Ana obadwa masiku osakwana chimawagwira kwambiri. Chikafika m'manja ndi kumapazi, kapena mwana akungogona osafuna bere, thamangani, amamuyika pa magetsi a buluu chimatha. Zomuyanika padzuwa zija sizikwanira ndipo chikakwera kwambiri chimaononga ubongo, mwana n'kudzakhala wosamva kapena wolumala. Zina zothamangira nazo osadikira kuche, kukana kuyamwa, kupuma mothamanga kapena nthiti kulowa mkati, kubuula, thupi kutentha kapena kuzizira, kuphupha, mchombo kufiira kapena kutuluka mafinya, liwombo kutukuka kapena kulowa. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi si la Panado wa kunyumba. Liwombo likalowa nthawi zambiri ndi madzi atha m'thupi, si zoti mupite nalo kwa asing'anga akamate.

Potuluka akupatsani kabuku ka Road to Health, kamenekako ndi ngati kabuku ka kusikelo ka kwathu kaja, musakataye, akadzakula ku sukulu amakafuna. Katemera wa BCG ndi poliyo amapereka asanatuluke, kenako masabata 6, 10 ndi 14, chikuku pa miyezi 6 ndi 12, madeti ena alembamo okha. Amawerenga kuyambira tsiku lobadwa ngakhale anabadwa msanga. Zonsezi n'zaulere pa kiliniki iliyonse ya boma. Alamu afunsenso anesi awalembetse pa MomConnect, imatumiza mauthenga pafoni ulere malinga ndi msinkhu wa mwana.

Ndipo tsiku lomwe mudzapite naye kumudzi kukamuonetsa agogo ake, kumbukirani kuti Joni kulibe malungo ndiye mwanayu ndi mayi ake adzagone mu neti, makamaka Mangochi. Akadzatentha thupi mutabwerako mudzawauze anesi kuti munali ku Malawi amuyeze malungo, akuno saganizirako msanga, amangoti ndi fuluu.

Che_Bwanali77
Lachitatu, 19:02

Tathokoza kuti zayenda. Komabe amwene musamasuke kwambiri, pa tsiku lotuluka ndi pomwe amakonda kutulutsa kapepala ka bilu, musasayine chinthu musanawerenge. Ndipo funso langa lija palibe wayankha, akatuluka adzamusamala ndani? Munthu wa opaleshoni sanyamula ndowa.

Nachisale_Yeoville
Lachitatu, 19:40

Apa ndiye mwanena zoona Che Bwanali. Achimwene yambani pano kukamba ndi azimayi a kumpingo kapena kumzikiti kwanu agawane masiku, kapena ndalama ya tikiti ija muitanitsire mchemwali wawo wa alamu abwere iyeyo m'malo moti iwo apite. Akatulutsa bilu musakangane nawo, funsani ofesi ya madandaulo ya pachipatalapo, zikakanika a SECTION27 ali ku Braamfontein.

Musaiwalenso kalata yosonyeza kuti mwana wabadwira pamenepo, muitenge musanachoke chifukwa kubwereranso kukaifuna ndi chintchito. Kulembetsa ku Home Affairs amati pasanathe masiku 30, zipatala zina zazikulu ali ndi kaofesi mkati momwemo. Kubadwira kuno sikumupanga kukhala wa South Africa, ndi Mmalawi ndithu, ndiye pepala limenelo ndi lomwe mudzapite nalo ku consulate yathu mukamadzafuna zomuyendera. Dzina muonetsetse alemba bwino, wanga anamulemba Chikondi ndi y kumapeto mpaka lero tikuvutika nazo. Maola oonera odwala mufunse pa geti, mawodi a makanda ambiri amalola mayi ndi bambo okha.